Ka app ka banki mkhonde kalowa bwanji m'malamulo a ku America?

Wa_pa_Chitakale analemba:

Akuluakulu ndi anzanga nonse, ndigawireniko nzeru, paja safunsa anadya phula.

Ine ndimakonza mafoni pa Chitakale, ndipo madzulo ndikalongedza zida ndimadziphunzitsa kulemba mapulogalamu. Mayi anga ndi mlembi wa banki mkhonde ya m'mudzi mwathu. Mamembala ambiri ndi alimi ang'onoang'ono a tiyi, ena amagulitsa nanazi ndi nthochi m'mbali mwa msewu wopita ku Muloza. Nthawi ya Freddy kope la masheya linanyowa, masamba anamatana, inki inayenderera, ndipo mkangano wa "ine ndinabweza" ndi "ayi simunabweze" unafika mpaka kwa amfumu. Ndiye ndinawalembera ka app kosunga masheya, ngongole, chiwongoladzanja ndi ndalama za pangozi. Poti muli mayina a anthu ndi ngongole zawo, ndipo foni ya mayi imangoyenda m'manja mwa adzukulu, ndinatseka zonse zosungidwa ndi AES, njira yodziwika yobisira zolemba kuti wopanda kiyi asaziwerenge. Zikamapita pa seva zimadutsa pa HTTPS, njira yobisira zimene zikuyenda pa intaneti.

Pa Android palibe vuto, ndimangowaikira ndekha. Nkhani yavuta chifukwa cha ana a amayiwa amene ali ku Joni. Iwowa ndi amene amatumiza ndalama zambiri za masheya kudzera mwa makolo awo, ndipo angapo ali ndi iPhone, akufuna aziona okha mmene ndalama zikuyendera. Msuweni wanga wa ku Johannesburg analipira $99 ya pachaka kuti ndikhale ndi akaunti ya Apple, mnzanga wina wa ku Limbe anandibwereka Mac. Nditafika potumiza ka app kaja, kwatuluka mafunso. Kodi app yako ili ndi encryption, kutanthauza njira yobisira zolemba ngati AES ija? Ya mtundu wanji? Ndi yako yopanga wekha kapena yodziwika kale? Uigulitsa ku France? Ndipo penapo akutchula malamulo a boma la America okhudza kutulutsa katundu kunja kwa dziko lawo. Nditafufuza pang'ono ndapeza kuti kale encryption ankaiika gulu limodzi ndi zida za nkhondo. Apa ndiye manja anazizira.

Chimene sindikumvetsa ndi ichi: ine ndi Mmalawi, code ndalembera ku Mulanje kuno, oigwiritsa ntchito ali ku Malawi ndi ku South Africa. America ikulowapo pati? Mnzanga wa Mac uja akuti ndingodina "ayi" paliponse zidutse, palibe amene angabwere pa Chitakale kudzandifunsa. Mtima wanga sukufuna bodza pa fomu, komanso ndikuopa kuti ndikanena zoona andiuza kuti ndipeze ziphaso zimene sindingakwanitse. Kapena ndingochotsamo AES mu ya iPhone kuti ndisavutike?

Kabaza_wa_Limbuli analemba:

Hahaha achimwene, ndiye kuti mayi athu akuyenda ndi mzinga m'chikwama popita kokaponya masheya? Ine za malamulo sindidziwa, koma AES musachotse. Mlamu wanga anataya foni pamsika wa Limbuli, mmene kunkacha mudzi wonse unali utadziwa amene anamukongoza ndalama. Dikirani madala a ku Luchenza aja abwere, nkhani zakalezi amazitafuna bwino.

Madala_a_ku_Luchenza analemba:

Mphwanga, khazika mtima pansi, palibe amene akukusaka. Ndiyambe ndi funso lako loyamba chifukwa yankho lake ndi lalifupi. Ukatumiza app ku App Store, imakakhala pa makompyuta a kampaniyo ku America. Munthu wa ku Johannesburg akaitsitsa, pamaso pa boma la America ndiye kuti katundu watuluka m'dziko lawo, ngakhale mwini wake ali pa Chitakale. Iwo sayang'ana kumene code inalembedwa kokha, amayang'ananso kumene ikunyamukira. Ndi zokhazo.

Koma za zida za nkhondozo si nthabwala, ndipo ine ndinazigwira ndi manja. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndinkayang'anira makompyuta pa ofesi ina ya esiteti ya tiyi ku Thyolo. Intaneti inali ya pa lamya, yolira ngati chinthu chikuphedwa, ndipo Netscape, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, tinkaika kuchokera pa CD. Netscape yo inali ya mitundu iwiri. Ya anthu a ku America ndi Canada inali ndi kiyi wa ma bit 128 (ma bit ndi muyeso wa kutalika kwa kiyi). Yathu ya "International", ya dziko lonse lotsala, inali ndi ma bit 40 okha obisika. Si kuti kampaniyo inalephera kupanga yabwino. Lamulo ndi limene linkakaniza, ndipo mpaka 1996 encryption yamphamvu inali pa mndandanda wa zida za nkhondo wa boma la America, pansi pa malamulo otchedwa ITAR, mndandanda womwewo wa akasinja ndi mizinga. Ofesi imene inkapereka chilolezo inali ya nduna yoona za kunja, ndipo akazitape a NSA ndi amene ankanong'oneza kuti ichi chituluke, ichi ayi.

Ma bit 40 akutanthauza kuti makiyi onse otheka ndi ongopitirira pang'ono thiliyoni imodzi. Kwa iwe ndi ine ndi nambala yoopsa, koma kwa kompyuta ndi ntchito yongoyesa mmodzi mmodzi. Mu 1995 wophunzira wina wa ku France, Damien Doligez, anasonkhanitsa makompyuta pafupifupi 120 n'kuthyola uthenga wa Netscape yathuyo m'masiku 8. Mu Januwale 1997 Ian Goldberg ku yunivesite ya Berkeley ku America anathyola kiyi wa ma bit 40 m'maola atatu ndi theka ndi makompyuta pafupifupi 250. Awa anali ana asukulu obwereka makina. Nanga boma lokhala ndi ndalama? Ukaonjezera bit imodzi, ntchito imachuluka kawiri, ndiye makiyi a ma bit 128 kuchuluka kwake ndi nambala ya manambala 39 ondondozana. Imeneyo palibe angaimalize. Ndiye uone kusiyana kwa zimene ankadzisungira ndi zimene ankatigulitsa.

Lotus Notes, pulogalamu ya makalata a pakompyuta a m'maofesi, inachita kuposa pamenepo. Yotumizidwa kunja inali ndi kiyi wa ma bit 64, koma ma bit 24 a kiyiyo ankawatsekera padera mwa njira yoti NSA yokha ndi imene ingatsegule. Wakuba wamba akumane ndi 64, iwo akumane ndi 40. A ku Sweden anadzidzimuka mu 1997 atazindikira kuti maofesi a boma lawo akugwiritsa ntchito imeneyi.

Tsopano mva za anthu amene anakana. Phil Zimmermann anatulutsa PGP mu 1991, pulogalamu yaulere yobisa makalata a pakompyuta. Inafalikira pa intaneti n'kuwoloka nyanja, ndipo mu 1993 boma la America linayamba kumufufuza ngati wozembetsa zida. Anakhala ndi mlandu pamutu zaka zitatu, mpaka Januwale 1996 pamene anausiya osamutengera kukhoti. Mkati mwa nthawiyo, mu 1995, a MIT Press anasindikiza code yonse ya PGP ngati buku. Chifukwa chake n'chakuti malamulo aakulu a dziko lawo amateteza ufulu wolankhula ndi kusindikiza, ndiye buku silingaletsedwe kutuluka. Mabuku a PGP otsatira anthu anapita nawo ku Ulaya, n'kujambula masamba ndi makina, n'kubwezeranso code ija mu kompyuta. Katswiri wina, Phil Karn, anawayesa dala mu 1994: anapempha chilolezo chotulutsa buku lina la encryption, anamulola. Anapempha chotulutsa disiki yokhala ndi code yomweyo ya m'bukumo, anamukaniza. Ngati kuti anthu akunja sitidziwa kutaipa! Ena anafika posindikiza mizere ingapo ya code ya RSA, njira ina ya encryption, pa malaya, kuti wovala akhale chida cha nkhondo choyenda ndi miyendo.

Amene anagwetsa khoma kukhoti ndi Daniel Bernstein, wophunzira masamu ku Berkeley, amene anasumira boma mu 1995 chifukwa ankafuna kufalitsa njira yake ndi kuiphunzitsa. Mu 1996 woweruza Marilyn Hall Patel anagamula kuti code ndi mtundu wa kulankhula, ndipo mu 1999 khoti la apilo linagwirizana naye. Chaka cha 1996 chomwecho Bill Clinton anachotsa encryption ya malonda pa mndandanda wa zida n'kuipereka ku unduna wa zamalonda. Mu Januwale 2000 anamasula malamulowo kwambiri. Makampani awo ndi amene ankalira, chifukwa makasitomala ankathawira ku mapulogalamu a ku Australia, Canada ndi Ulaya. Ndipo AES ukugwiritsayo, imene boma la America linaisankha mu 2000 n'kuikhazikitsa mu 2001, anaipanga ndi anthu awiri a ku Belgium, Joan Daemen ndi Vincent Rijmen. Inachita kulowa mu America kuchokera kunja.

Maganizo anga ndi awa, ndipo sindisintha. Malamulowa sanatsekereze nzeru, chifukwa masamu amakwana papepala. Wachigawenga wofuna encryption yamphamvu ankaipeza. Amene anatsala ndi zofooka ndi anthu omvera malamulo okhala kunja kwa mpanda, monga kalaliki wa pa esiteti amene ankangoika zimene zabwera pa CD. Ndipo zofookazo sizinafe mu 2000. Zinatsalira m'mapulogalamu, palibe amene anakumbukira kuzichotsa. Mu Malichi 2015 akatswiri anaulula vuto lotchedwa FREAK: munthu woima pakati ankatha kunyengerera foni ndi seva kuti zibwerere ku kiyi wa RSA wa ma bit 512, wa "export" uja, kenako n'kumuthyola m'maola ochepa ndi ndalama pafupifupi $100 yobwerekera makompyuta. Masamba ambiri a pa intaneti anapezeka ali pamtetete, ngakhale tsamba la NSA lenilenilo. Patangopita miyezi iwiri kunatulukanso Logjam, m'bale wake wa mimba imodzi.

Mafoni ukukonzawo nawo sanapulumuke. GSM, netiweki ya mafoni ya 2G, inali ndi encryption ya A5/1 ya ku Ulaya ndi A5/2 yofooketsedwa dala ya mayiko ena, imene inathyoledwa mu 1999 itangoonekera poyera. Ndipo mu 2021 akatswiri a ku Ulaya anasonyeza kuti GEA-1, yotseka data ya 2G, ngakhale imati ili ndi ma bit 64, mphamvu yake yeniyeni ndi 40. Bungwe la ETSI limene linaikonza linavomera kuti chinachititsa ndi malamulo otulutsira katundu a nthawiyo.

Ndiye AES usachotse. Ukachotsa wadzichitira wekha zimene ena ankatichitira ndi lamulo. Za pofunika kudina pa fomu ya masiku ano, achinyamata akuuza bwino kuposa ine.

Aphunzitsi_a_ku_Thekerani analemba:

Madala, mwalankhula bwino ndipo zambiri ndaphunzirapo, koma mwapendekera mbali imodzi. Ine ndimaphunzitsa mbiri, ndipo ana a Fomu 4 akafika pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ndimawauza za Enigma, makina obisira mauthenga a asilikali a Germany. A ku Poland anayamba kuwathyola, a ku Britain anapitiriza ku Bletchley Park, ndipo zimenezi zinapulumutsa sitima ndi miyoyo yambiri. Anthu amene analemba malamulo mukuwadzudzulawa anakulira mu zimenezo. Nkhondo itatha anapanga mgwirizano wa COCOM kuti zipangizo zoterezi zisafike ku Soviet Union. Kwa iwo kumva zimene mdani akunong'onezana chinali chida chenicheni, osati nkhambakamwa. Inu mukanakhala mtsogoleri wa dziko, mukanagulitsa kwa aliyense?

Komanso tiyang'ane kwathu kuno. Aphunzitsi anzanga angapo aberedwa malipiro ndi anyamata oimba foni aja, "amayi katundu wanu wafika pa boda, tumizani ya kasitomu". Tikamalira timati boma lili kuti, apolisi bwanji sakuwagwira. Ndiye mawa lake tomwe tija tiziti boma lisaone chilichonse? Ine ndikuona kuti payenera kukhala khomo loti akuluakulu a chitetezo, atatenga chilolezo kukhoti, athe kulowa. Kwa mnyamata wa app, langizo langa ndi lakuti anene zoona pa fomu. Lamulo ngakhale la eni ake ndi lamulo ndithu.

Mtsikana_wa_ku_Bvumbwe analemba:

Achimwene a pa Chitakale, ine ndimagwira ntchito ya manetiweki ku Blantyre, mafomu oterewa ndimakumana nawo kawirikawiri. Musadine "ayi" paliponse. Si kuti abwera ndi unyolo, koma bodza la pa fomu likadziwika akaunti ija ikhoza kutsekedwa, ndalama za msuweni wanu zipite pachabe. Komanso palibe chifukwa chonamizira, poti zoona zake sizikupwetekani.

Mafunsowo akufuna kukuikani pa gulu. App imene imangogwiritsa ntchito encryption ya mufoni momwemo, monga HTTPS yodutsa mu zipangizo za iOS, sifuna zikalata. Imene yabwera ndi encryption yodziwika kale ngati AES kuchokera mu library ina (code yolembedwa kale ndi ena imene mwailowetsa mu app) ndi gulu lachiwiri. Lachitatu ndi la amene apanga njira yawoyawo yosadziwika, ndipo amenewo ndi amene amafunsidwa zambiri. Ndiye onani kuti AES yanuyo ikuchokera kuti. Ngati mukuitana ya mufoni momwemo, nkhani ndi yaifupi. Ngati munalowetsamo library yakunja, nenani choncho. Mukayankha kamodzi, pali mzere wa ITSAppUsesNonExemptEncryption umene mumaika mu fayilo ya app yotchedwa Info.plist kuti asamakufunseni nthawi iliyonse. Ofesi yoyang'anira zimenezi ku America ndi BIS, ya mu unduna wa zamalonda, ndipo mu Malichi 2021 inachepetsanso malipoti amene ankafunika kwa mapulogalamu ambiri ogulitsidwa kwa aliyense. Mayiko amene amawatsekera kwenikweni ndi monga Cuba, Iran ndi North Korea. Malawi ndi South Africa mulibemo.

Kumene ine ndimamva kulemera kwa malamulowa ndi pa zipangizo. Tikaitanitsa rauta kapena firewall yamphamvu ya VPN, wogulitsa kunja amatumiza fomu yoti tilembe amene akaigwiritse ntchito, akaiika kuti, ndi kulonjeza kuti sitikaigulitsanso kwina. Ikakhala ya ofesi ya boma mafunso amachuluka, katundu amachedwa. Amene anagwirapo zipangizo za manetiweki za kampani ya Cisco akudziwa zilembo za K9 pa dzina la pulogalamu, kusonyeza kuti muli encryption yamphamvu, ndi za NPE zimene anazichotsa mphamvu ina chifukwa cha mayiko oletsa kulowetsa, monga Russia. Inde, malire ali mbali ziwiri: ena amaletsa kutuluka, ena amaletsa kulowa. Ndipo si America yokha. COCOM imene aphunzitsi atchula inatha mu 1994, m'malo mwake munabwera mgwirizano wa Wassenaar wa 1996, wa mayiko 42, ndipo mu Africa muno membala ndi South Africa yokha.

Chimene ndikufuna muwerenge kwambiri ndi lamulo lathu lomwe. Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 ili ndi ndime zokhudza encryption, ndipo imati amene akupereka ntchito kapena katundu wa mtunduwu alembetse ku MACRA. App yosunga masheya imene yangotseka zosungidwa zake ndi yosiyana ndi bizinesi yogulitsa encryption, koma tsiku limene mudzayambe kuigulitsa kwa magulu ena, kafunseni ku ofesi yawo ndipo yankho mulandire lolembedwa. Palinso lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, limene limafuna kuti wosunga mayina, manambala ndi zina za anthu azisamale. Ndiye kuchotsa AES kukhoza kukuikani pamavuto apafupi pothawa akutali.

Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, anyamata a "katundu wafika pa boda" aja sabisa kanthu. Amaimba foni wamba, amatumiza SMS wamba, ndalama zimalowa pa nambala yolembetsedwa. Zonsezo zili poyera kale kwa wofufuza. Kufooketsa WhatsApp, imene yakhala yotseka mbali zonse kuyambira 2016, sikungagwire ndi mmodzi yemwe, kungangowapatsa khomo lina lobera.

Funso langa kwa inu achimwene: kiyi wa AES yo mumasunga kuti? Ngati munamulemba mkati mwa code, kapena PIN ya mayi ndi chaka chawo chobadwira, ngakhale AES ya ma bit 256 sikuthandizani kanthu.

Wa_pa_Chitakale analemba:

Madala, aphunzitsi, achemwali, zikomo kwambiri, mtima watsika. AES yanga ndi ya library yakunja yotseka database, ndiye ndili gulu lachiwiri lija, ndinena choncho. Kiyi amachokera pa mawu achinsinsi amene mayi amalemba potsegula, sali mu code. Koma funso lanu landikumbutsa china: mawuwo amawadziwa ndi mayi okha. Akaiwala, kapena Mulungu asalole atadwala mwakayakaya, palibe angatsegule, ngakhale ine.

Ndili ndi nkhawa inanso. Gulu lathu lili ndi amayi awiri okwatiwa tsidya lina, ku Milange. Amawoloka pa Muloza tsiku la msonkhano, masheya amaponya atasintha metikashi, foni zili m'manja ndi app momwemo. Kodi pamenepo ndiye kuti ndatulutsanso katundu kupita ku Mozambique? Pepani ngati funsoli ndi lachibwana.

Madala_a_ku_Luchenza analemba:

Si lachibwana mphwanga. M'zaka za m'ma 1990 munthu wa ku America wonyamula laputopu yokhala ndi encryption yamphamvu pa ulendo ankayenera kuganiza funso lomwelo, mpaka boma lawo linachita kulemba ndime yapadera yolola katundu wogwiritsa ntchito mwini wake. Lero foni iliyonse ya intaneti yodutsa pa Muloza ili kale ndi AES mkati, kuyambira ya dalaivala wa thiraki mpaka ya mayi wogulitsa nandolo. Mozambique sili pa mndandanda wa mayiko otsekeredwa. Amayiwo aziwoloka ndi mtendere.

Aphunzitsi, za Enigma sindikutsutsani, ndipo anthu aja sanali zitsiru. Koma khomo la akuluakulu mukunenalo linayesedwa kale. Mu 1993 boma la Clinton linabweretsa Clipper chip, kachipangizo koika m'mafoni kokhala ndi encryption yamphamvu, koma kiyi wa foni iliyonse amagawidwa pawiri n'kusungidwa ndi maofesi awiri a boma, oti azitulutsa khoti likalamula. Ndendende maganizo anu. Mu 1994 Matt Blaze anasonyeza kuti munthu akhoza kugwiritsa ntchito kachipangizoko n'kutseka khomo la bomalo. Ndiye wakuba wochenjera wathawa, womvera yekha ndi amene watsala pambalambanda. Pofika 1996 nkhaniyo inali itafa. Ndipo funso limene sanathe kuyankha ndi ili: wogula wa ku Malawi kapena ku India angakhulupirire bwanji foni imene kiyi wake ali ku Washington?

Kukayika kumeneko kunali ndi maziko. Mu Febuluwale 2020 nyuzipepala ya Washington Post ndi wailesi ya kanema ya ZDF anaulula kuti Crypto AG, kampani ya ku Switzerland imene inagulitsa makina obisira mauthenga ku maboma oposa 120, inagulidwa mwachinsinsi mu 1970 ndi CIA pamodzi ndi akazitape a West Germany. Maboma ankalipira ndalama zankhaninkhani kugula makina amene mauthenga ake akazitapewo ankawawerenga mosavuta.

Ndipo inu ndi ine, aphunzitsi, tinakhalapo nthawi imene kalata yochokera kwa m'bale wa kunja inkafika itamatidwa kachiwiri, ndipo pa lamya tinkangokambirana za mvula ndi chimanga. Otsegulawo nawonso ankati n'zachitetezo. Chilolezo cha khoti chimadalira amene ali pampando tsiku limenelo, pamene khomo likangobooledwa limakhalapo mpaka kale.

Pali mbali imene ndikugwirizana nanu. Zida zolowera m'mafoni a anthu mwakuba, zimenezo ndiye aziletse kutuluka. Wassenaar inazionjezera pa mndandanda mu 2013, ndipo mu Novembala 2021 America inaika NSO Group, eni ake a pulogalamu yozonda mafoni ya Pegasus, pa mndandanda wa makampani oletsedwa kugula ukadaulo wa America popanda chilolezo. Pamenepo sindidandaula.

Za mawu achinsinsi a mayi ako, mphwanga, yankho lili kale pagulupo. Bokosi la banki mkhonde limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osankhidwa ndi gulu, ndipo limatsegulidwa onse akuona. Chita chimodzimodzi. Pali njira ya Adi Shamir ya 1979 yogawa kiyi m'zidutswa, moti zidutswa ziwiri mwa zitatu zikakumana kiyi amabwerera, koma chimodzi chokha sichiulula kanthu. Ma library ake alipo aulere, usayese kulemba wekha. Lemba chidutswa chilichonse papepala, upereke kwa osunga makiyi a bokosi omwewo pa msonkhano.

Mtsikana_wa_ku_Bvumbwe analemba:

Madala anena zoona za Shamir, ingoonetsetsani kuti mwayesa kubwezeretsa kiyi pa foni ina musanagawe mapepalawo, ndipo muzibwereza nthawi iliyonse gulu likasintha osunga makiyi pakutha pa chaka.

Ndinaiwala funso la France lija. Iwo ali ndi lamulo lawo lofuna kuti encryption ina yolowa m'dziko mwawo ilembetsedwe ku ofesi yawo ya ANSSI, ndiye mukasiya France pa mndandanda wa mayiko mukhoza kupemphedwa chikalata cha kumeneko, cha m'Chifalansa. Pa tsamba losankha kumene app ipezeke, chotsani chizindikiro cha mayiko onse, musankhe Malawi, South Africa ndi Mozambique basi. Mukadzapeza membala ku Paris tidzakambirana.